Malire a dimba ali m'mutu mwa atsibweni

Mlandu unali wa malire, monga imakhalira milandu yambiri pabwalo la mfumu m'midzi yozungulira Bowe mvula ikamayandikira. Mbumba ziwiri zinkalimbirana kadimba ka m'mphepete mwa dambo, ndipo mbali imodzi inabwera ndi mboni imene inkaidalira kwambiri, atsibweni a zaka zopitirira 80 amene analipo tsiku limene malowo ankagawidwa. Nduna ya mfumu inafunsa funso lapafupi: anagawa malowa anali yani? Mkuluyo anayasama ngati ayankha, kenaka anangoti duu. Anagogoda ndodo pansi. "Aujeni aja, bambo awo a aujeni. Iii, dzina landithawa." Anyamata okhala kumbuyo anaseka. Wina wa mbali inayo anaponya mawu mokweza kuti onse amve: "Akalamba awa, mutu unaleka kale kugwira."

Mwana wa mlongo wawo, mayi wophunzitsa pa pulayimale ina m'deralo, anali pomwepo kumbali ya amayi. Chimene chinamusowetsa mtendere masiku otsatira sichinali kusekako. Chinali choti dzina limodzi lokha, losowa kwa kanthawi, linatsala pang'ono kufafaniza zonse zimene munthuyo ankadziwa za malowo.

Mwayi wake mfumu sinathamangire kugamula. Inati tiyeni tikaone pamalo. Kudimbako mkulu yemwe uja anachita ngati si iye. Anatsogola yekha, osagwiridwa dzanja, n'kukaima pachulu chimene oumba njerwa anachigumula kalekale. Apa, anatero, ndi pamene mzere womaliza unkathera. Analoza chitsa cha mkuyu chobisika m'nsenjere, nauza anyamata kuti afukule pang'ono chakumadzulo kwake, apeza zotsalira za khonje amene anabzalidwa kuti akhale chizindikiro. Anazipezadi. Anakumbuka kuti tsikulo kunagwa chizimalupsa, kuti mowa unafululidwa kwa alamu awo, ndiponso kuti anthu ankawerengabe mapaundi ndi masheleni, ndiye kuti chaka cha 1971, chimene kwacha ndi tambala zinayamba, chinali chisanafike. Dzina lija linabwera lokha pobwerera, anthu atasiya kulifunsa. Mayi wina anangotchula mudzi umene mkazi wa malemu amene anagawa malowo anachokera, atsibweni n'kuima panjira, n'kulitchula lonse, ndi mfunda womwe.

Za pabwalo ndi za kudimba sizitsutsana ayi. Ofufuza za ubongo amasiyanitsa zinthu ziwiri: kukumbuka wekha popanda chokukumbutsa, ndi kuzindikira chinthu ukachiona kapena kuchimva. Ukalamba umayamba kufooketsa choyambacho, pamene chachiwiricho chimalimba mpaka kutali. Chimanga m'nkhokwe chimakhala chilimo, chavuta ndi makwerero. Ndipo pa zonse zimene zimathawa, mayina a anthu ndiwo amatsogola, chifukwa dzina lilibe pogwira pambiri. Munthu akaiwala mawu oti khasu, mpini umamukumbutsa, munda umamukumbutsa, matuza a m'manja amamukumbutsa. Dzina la munthu lilibe abwenzi otero. Onjezani kuti ubongo wa wokalamba umagwira ntchito modekha, kuti makutu mwina sanamve bwino funsolo, kuti maso a mudzi wonse ali pa iye ndipo aliyense akudikira. Mantha amatseka pamene pakanatseguka. Bwalo la milandu, mmene limafunsira mafunso ake, limayesa nkhalamba pa mbali yeniyeniyo imene yafooka, n'kusiya mbali imene ikadali yamphamvu.

Mphunzitsi uja atayamba kuonetsetsa atsibweni ake pakhomo, anapeza kuti kuiwala kwawo kuli ndi dongosolo lake. Amaiwala pamene aika chiphaso cha unzika. Amafunsa madzulo ngati amwa kale mankhwala a BP. Amatha kukuuza nkhani imene iwe wemwe unawauza dzulo, n'kunena kuti aimva pa wailesi. Akatumidwa kuti akauze alamu awo za tsiku la chinkhoswe, amakacheza kumeneko mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera uthenga uli m'thumba. Zonsezi ndi za posachedwa: zimene zachitika lero, amene wanena mawu, ndi zimene munthu wakonza kuti achite mawa. Mbali ya ubongo imene imamanga zatsopano kuti zikhazikike, yotchedwa hippocampus, imachepa pang'onopang'ono munthu akamakula, chimodzimodzinso mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imasanja zinthu ndi kuzifunafuna. Koma alowetseni m'chigafa nthawi yosankha fodya. Zala zawo zimadziwa tsamba lapansi ndi lapamwamba asanaliyang'ane, ndipo amasoka mofulumira kuposa adzukulu awo. Kutchalitchi cha CCAP amayankha mafunso a Katekisma amene analoweza ali m'kalasi, osaphonya. Zimene manja anaphunzira, ndi chuma cha mawu chimene munthu wasonkhanitsa moyo wake wonse, sizitha msanga. Kafukufuku amaonetsa kuti kudziwa mawu kumapitirira kukula mpaka munthu atadutsa zaka 60, pamene liwiro la kuganiza linayamba kutsika kalekale.

Nanga bwanji zakale zimawala chonchi pamene za dzana zazilala? Katswiri wa ku France, Théodule Ribot, analemba mu 1881 kuti chikumbukiro chikamawonongeka, zatsopano ndizo zimayamba kupita, zakale n'kutsalira. Patapita zaka pafupifupi 100, ofufuza ena, mmodzi wa iwo David Rubin wa ku America, anapeza kuti achikulire akapemphedwa kusimba za moyo wawo, zambiri zimachokera pa msinkhu wa pakati pa zaka 10 ndi 30. Ndi nthawi ya zoyamba zonse: chinamwali, ulendo woyamba, malipiro oyamba, mwana woyamba. Kwa amuna a msinkhu wa atsibweniwa ku Dowa ndi ku Ntchisi, zaka zimenezo zinagwera pa nthawi yodzaza. Kamuzu anabwera pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 boma la atsamunda linayamba kumanga anthu a Congress. Ufulu unadza mu 1964. Ambiri analembetsa Wenela n'kupita ku migodi ya ku Joni, mpaka mu April 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Atsibweni amatchula nambala yawo ya kumgodi osaganiza, pamene ya foni imene ali nayo m'thumba sanaigwirepo. Mu 2017, nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika, sanathe kunena chaka chimene anabadwa. Ananena kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kuweta mbuzi, ndipo kuwerengera kunayambira pamenepo.

Kufika apa mphunzitsiyo anali wokhutira kuti atsibweni ake anapezeka olungama. Koma panali kanthu kena kamene sikanamusiye. Tsiku lomwe lija kudimba, agogo ena aakazi a mbali inayo, amsinkhu womwewo, analoza chulu china, chakumtunda pang'ono. Sankanama. Nawonso anatchula mvula ya tsikulo, nawonso anatchula mowa, ndipo maso awo anali otsimikiza chimodzimodzi. Khonje uja ndiye anathetsa mkangano, osati kutsimikiza kwa aliyense wa awiriwo. Apa mpofunika kulankhula moona, ngakhale zisakomere olemekeza imvi: nkhani yowala m'mutu si nthawi zonse imakhala yolondola. Munthu akamakumbuka, ubongo umamanganso chinthucho kuchokera ku zidutswa, ndipo pomangapo umalowetsa zimene anamva kwa ena, zimene anazifuna, ndi mmene anaisimbira nkhaniyo ulendo watha. Nkhani yosimbidwa pamaliro alionse kwa zaka 50 imasalala, imakoma, koma imakhala itasuntha. Izi zimachitikira mwana ndi mkulu yemwe, kungoti mkulu wakhala ndi nthawi yaitali yosimba, ndipo amavutika kusiyanitsa chimene anaona ndi chimene anauzidwa.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wobadwa mu 1905 amene anakulira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ku Mvera mu 1889, anagwira ntchito yake ndi chuma chotere. Mbiri ya Achewa, buku lake la m'zaka za m'ma 1940, analitola pakamwa pa akuluakulu. Analembanso za Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma lomweli la Dowa, amene anamwalira mu 1926, ndipo bukulo linatuluka m'Chingerezi mu 1949. Pakanapanda nkhalamba zimene zinakhala naye pansi, zambiri za Achewa a m'mapiri ano zikanapita kumanda. Komabe akatswiri a mbiri amene anadza pambuyo pake amayerekeza zolemba zake ndi zimene akulu a madera ena anasimba, chifukwa amadziwa kuti mudzi uliwonse umakumbuka mokomera mbumba yake. Umenewo ndiwo ulemu woyenera chikumbukiro cha okalamba: kuchimvera mofatsa, kenaka kuchiika pambali pa cha mnzake.

Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo m'kaundula. Pepala likadzafika m'mudzi uliwonse, atsibweni sadzafunikanso kuima pachulu. Koma pepalalo lidzalemba zimene wina wanena tsiku loyeza malo, ndipo wonenayo ndi nkhalamba zomwezi. Zikafunsidwa mothamanga, pagulu, ndi munthu wachilendo wonyamula makina, zidzayankha ngati pabwalo paja. Cholakwika chikalowa m'kaundula chimakhala cholimba kuposa cholakwika cha pakamwa. Kumanda nakonso n'chimodzimodzi. Manda ambiri alibe chiliza, ndipo adzukulu sayamba kukumba mpaka wamkulu wa mbumba aloze pamene pagona yani.

Si zonsenso zimene mkulu sanena zimene waziiwala. Dzaleka, amene kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa kwawo, kale anali ndende ya andale. Alipo okalamba m'boma lino amene amadziwa bwino amene anatengedwa usiku ndi amene analoza nyumba. Akafunsidwa amati zakale zimenezo tinaiwala, ndipo wofunsa wanzeru amadziwa kuti afike pati.

Zonse zanenedwazi ndi kuiwala kwa ukalamba wamba, kumene kumadikira aliyense amene Mulungu wamupatsa masiku. Kulinso kuiwala kwina, ndipo mphunzitsi uja anakuona m'mudzi woyandikana nawo. Mayi wina wamasiye anayamba ndi kupsereza ndiwo. Kenaka ankathira mchere kawiri. Chaka chotsatira anaima pamoto ndi mthiko m'manja osadziwa kuti ufa umalowa liti, munthu amene anaphika nsima kwa zaka 60. Ankanena kuti mpongozi akumubera ndalama, pamene anazikwirira yekha m'phulusa. Madzulo alionse ankamanga kamtolo ka zovala kuti akupita kwawo, amayi ake akumudikira, chonsecho ali m'nyumba yake ndipo amayi akewo anamwalira kalekale. Mwana wake wamwamuna atabwera kuchokera ku Lilongwe, anamulonjera mwaulemu ngati mlendo, n'kumufunsa kuti kwanu n'kuti, bambo. Kusiyana kwake ndi atsibweni n'koonekeratu. Iwo amadziwa kuti aiwala, zimawanyansa, ndipo akakumbutsidwa amati eya. Mayiyu sankadziwa kuti pali chimene chasowa, ndipo kumukumbutsa sikunkabweza kanthu. Amenewa ndi matenda, madokotala amawatcha dementia. Mtundu wake wofala kwambiri unatenga dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina yemwe ubongo wake unawonongeka motero. Mtundu wina umadza chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo, kawirikawiri pambuyo pa sitiroko.

M'mawa wina mayiyo anapezeka ataima pakhomo pa eni, mtunda ndithu kuchoka kwawo, mame ali thupi lonse, chitenje chitagwa m'njira, osatha kunena kuti wafika bwanji. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa mawu amene amatsatira zikatere: wagwa pa ndege, anzake amusiya kwacha. Ndipo wodwala wotere akazunguliridwa n'kufunsidwa ndi ukali kuti unali kuti usiku, amavomera chilichonse, chifukwa m'mutu mulibe choti atsutsire. Anamupulumutsa ndi mkulu wa mpingo amene anamuzindikira, n'kumufunditsa jekete, n'kuuza anthu kuti awa ndi amayi athu, akudwala. Ena sapeza wowazindikira. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi, ndipo bungwe la MANEPO, lomwe limayankhulira okalamba m'dziko muno, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za nkhanza zoterezi. Lamulo la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma pa ola la mbandakucha, pakhomo pa eni, chimene chimagamula ndi chakuti kodi pagulupo pali munthu mmodzi amene akudziwa kuti kusochera usiku ndi chizindikiro cha matenda a ubongo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakati. Si matenda a azungu. M'boma la Hai ku Tanzania, m'midzi ya alimi ya m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti pafupifupi 6 pa anthu 100 alionse a zaka 70 kupita m'tsogolo anali ndi vutoli. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa lokha. Ngakhale okalamba ali ochepa pa chiwerengerocho, mabanja amene akusunga munthu wotere kuseri kwa nyumba sangakhale ochepa.

Pali zolakwa ziwiri, ndipo zimakokerana mbali zosiyana. China ndi chimene chinachitika pabwalo, kuona mkulu wasowa dzina n'kumuchotsa m'gulu la anthu oganiza. Chinzake n'kuona mkulu akusokonekera n'kungoti ndi ukalamba basi, palibe chochita. Chachiwirichi chimapha mwakachetechete, chifukwa si kusokonekera konse kumene kuli kosachizika. Funso loyamba limene wachipatala amafunsa abale ndi loti zinayamba liti. Ngati agogo anali bwinobwino sabata yatha ndipo lero akubwebweta, osazindikira anthu, kawirikawiri pamakhala china m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi, shuga wokwera kapena wotsika, kapena mankhwala amene sanawayane. Zimenezi zikachizidwa mutu umatha kubwerera. Kukhumudwa kwa mumtima, makamaka pambuyo pa imfa ya mnzawo wa banja, kumaoneka ngati kuiwala. Kachasu wa zaka zambiri amadya chikumbukiro. Kachilombo ka HIV kosaletsedwa ndi ma ARV kamafika ku ubongo. Ndipo wogontha amaoneka woiwala pamene mawuwo sanalowe n'komwe. Ulendo wa pa kabaza wopita ku chipatala cha Bowe, kapena ku Madisi ndi ku Mponela, umatha kusiyanitsa zimenezi. Dementia yeniyeni ilibe mankhwala oichiza, koma ngakhale pamenepo banja likauzidwa dzina la matendawo limasiya kukalipira wodwala, limasiya kusakasaka amene wamulodza, ndipo limayamba kutseka bwino chitseko usiku.

Gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa imagwirizana ndi zinthu 14 zotheka kuzipewa kapena kuzichepetsa. Zina mwa izo ndi BP yosasamalidwa, shuga, kusuta, kumwa mopitiriza, kugontha, kusaona bwino, kuvulala m'mutu, mpweya woipa ndi kukhala wekhawekha. Wowerenga wa ku Bowe aziona zonsezi pakhomo: utsi wa nkhuni m'kakhitchini kopanda zenera, chingambwe chopichira m'pepala, ng'ala imene ikanachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndi agogo otsala okha pakhonde ana atapita ku Lilongwe, ku Kasungu kapena ku Joni. Ukalamba wa kale unali ndi omvera. Madzulo ana ankakhala pamoto kumva nthano, ndipo nkhalamba inkakumbuka chifukwa inkafunsidwa. Lero amene atsala pakhomo maso ali pa foni.

Pa mndandanda wa Lancet uja chimene chimayamba msanga pa moyo wa munthu ndi kusapita patali ndi sukulu, ndipo chimenechi chinamukhudza mphunzitsiyo kuposa zina zonse. Kuyambira 1998 ofufuza a University of Pennsylvania ndi anzawo a kuno akhala akutsatira mabanja a m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, ndipo kuyambira 2012 anayamba kuyesa kaganizidwe ndi chikumbukiro cha a zaka 45 kupita m'tsogolo. Anapeza kuti amayi ankatsalira kumbuyo kwa abambo pa mayesowo, ndipo kutsika kwawo ndi msinkhu kunali kofulumira. Amayi amenewa ndi a m'badwo umene mwana wamkazi ankasiyidwa pakhomo mlongo wake akamapita kusukulu ya mishoni. Atsibweni anafika Sitandade 3 yakale. Mlongo wawo, mayi ake a mphunzitsiyo, sanalowepo m'kalasi. Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo chaka chimenecho chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Atsikana amene analowa Sitandade 1 nthawi imeneyo ali ndi zaka 6 adzakwanitsa zaka 65 mu 2053. M'kalasi la mphunzitsiyu, la Sitandade 6, teremu iliyonse pamakhala mayina a atsikana amene amaitanidwa m'kaundula kwa sabata zingapo popanda woyankha, kenaka n'kudulidwa mzere. Iye tsopano amapita kukawafuna kumakomo kwawo Loweruka.